Makina tikugula, koma wolinganiza ntchito ali kuti?

Chiyambire 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, pali mkangano umene sukuzilala kuno ku Zambia, m'chigawo cha kum'mawa. Mumaumva pa mapulogalamu oimba foni a mawailesi a m'Chipata, pa misonkhano ya makomiti a chitukuko m'mawodi, ngakhale m'minibasi yopita ku Katete. Anthu akufunsa kuti zikutheka bwanji kuti chigawo chimene chimatsogola pa ulimi wa nshawa ndi mpendadzuwa chizigulitsabe mbewuzo m'matumba, malole n'kumazitutira ku Lusaka, kenako ife tomwe n'kumagula mafuta ophikira ndi chiponde cha m'mabotolo pa mtengo wowawa. Yankho limene limawomberedwa m'manja n'lodziwika: tilibe mpamba, tigulireni makina. Ine ndikukana. Mpamba ndi wochepadi, koma chimene chikupha timafakitale tathu ndi kusowa kwa munthu wodziwa kulinganiza ntchito yopanga katundu, kuyambira pamene mbewu ikulowa pageti mpaka pamene botolo likutuluka. Choncho maganizo anga ndi akuti ndalama ya boma isagulirenso gulu lililonse makina ngati palibe munthu wotere amene wawerengera kayendedwe ka ntchitoyo, ndipo makhonsolo athu alembe anthu oterewa ntchito monga momwe unduna wa zaulimi unalembera alangizi.

Kuti timvane, tiyambe ndi zimene mwana wa sekondale amaphunzira pa zachuma. Katundu aliyense, kaya thumba la unga kaya njinga, amapangidwa pophatikiza zinthu zingapo. Pali nthaka pamodzi ndi zachilengedwe zonse monga madzi, mitengo ndi miyala. Pali ntchito ya anthu, ya manja ndi ya mutu. Ndiye pali mpamba, womwe ndi makina, nyumba, zipangizo ndi katundu wosungidwa podikira kugwiritsidwa ntchito. Zitatuzi n'zimene Adam Smith wa ku Scotland anazifotokoza mu 1776. Mu 1890 Alfred Marshall wa ku England anaonjezerapo chachinayi, chomwe ndi kalinganizidwe ka ntchito. Zitatu zoyambazo zili ngati mafuwa: likasowa limodzi mphika sukhala, koma ngakhale onse atakhalapo nsima siphikika yokha. Smith yemweyo anasimba za kafakitale ka mapini komwe anthu 10, atagawana ntchito, wina kuwongola waya, wina kudula, wina kusongola, ankapanga mapini pafupifupi 48,000 pa tsiku, pamene munthu wochita zonse yekha sakanafika ngakhale pa 20. Uinjiniya wa kapangidwe ka katundu ndiwo unasandutsa mfundo imeneyi kukhala ntchito ya tsiku ndi tsiku. Injiniya wotere amayeza nthawi imene gawo lililonse la ntchito limatenga, amafufuza pamene ntchito ikutsamwa, amasankha makina a msinkhu woyenera, amadziwiratu tsiku losintha lamba asanaduke, ndipo amatha kukuuzani kuti botolo limodzi lakudyerani zingati.

Tiyerekeze ndi chinthu chimene magulu ambiri amapempha, makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Tinene kuti kopaletivu ya alimi 30 yagula makina amene amadya makilogalamu 100 pa ola. Akamazungulira maola 8 adzafuna matumba 16 a makilogalamu 50 pa tsiku, ndipo pa mwezi wa masiku 25 ogwira ntchito adzafuna matumba 400. Tsono ngati membala aliyense wakolola matumba 10, gulu lonse lili ndi matumba 300, amene makinawo awameza mwezi usanathe. Miyezi 11 yotsalayo chitsulo chija chili phee, ngongole ikuyenda, mlonda akufuna zake. Kuti makinawo azungulire chaka chonse pafunika matumba 4,800, ogulidwa nthawi yokolola mtengo ukadali pansi, komanso nyumba yosadontha yowasungiramo. Ndalama yogulira mbewu yochuluka choncho ikhoza kuposa mtengo wa makinawo, koma pa pempho la gulu simuiona. Sizithera pamenepo. Mafuta akamatuluka amakhala ndi nsenga ndipo ayenera kusefedwa. Ngati chosefera chimangokwanitsa theka la zimene makina akutulutsa, ndiye kuti munalipira liwiro la makilogalamu 100 koma mukuyenda pa 50. Mpendadzuwa wopunthidwa pa dothi umabwera ndi mchenga ndi timiyala, ndipo mukapanda kuupeta bwino mchengawo umadya chitsulo chofinyira mpaka mafuta ayamba kutsalira m'keke, zotsala mbewu ikafinyidwa. Keke nayo ndi malonda, oweta nkhuku ndi nkhumba amaifuna, ndipo gulu limene silinaganize za wogula keke lataya gawo la phindu lisanayambe n'komwe. Zonsezi munthu angaziwerengere ndi pensulo ngwee imodzi isanatuluke.

Otsutsana nane ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi yolemera. Iwo akuti n'kosavuta kulankhula za dongosolo uli pampando wa mu ofesi, koma mlimi wa ku Vubwi kapena mayi wogulitsa pa msika wa Kapata alibe pogwira. Zaka zaposachedwapa mabanki akhala akukongoza pa chiwongola dzanja choposa 25 peresenti pa chaka, amafuna chikole chimene munthu wa kumudzi alibe, ndipo wokanidwa ku banki amagwera m'manja mwa a kaloba. Chilimba ndi banki ya m'mudzi zimathandiza kugula feteleza, koma sizigula mota. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti boma lileke kuthandiza. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati mpamba ndi wodula chotere, ndiye kuti ndi chinthu chomwe sitiyenera kulola kuti chigone ngakhale tsiku limodzi. Chikhalirecho mbiri yathu ikusonyeza kuti mpamba ukabwera wokha subala. Kuyambira mu 2015 boma, kudzera m'bungwe la Zambia Cooperative Federation, linayamba kumanga zigayo zoyendera mphamvu ya dzuwa, cholinga chili chofika pa 2,000 m'dziko lonse. Yendani m'midzi lero muwerenge zimene zikulira. Zambiri zinaima, zina zimagaya pang'onopang'ono dzuwa likawala, amayi n'kumasenzabe chimanga kupita ku chigayo cha dizilo. Njanji ya Chipata ndi Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010 kuti itilumikize ku doko la Nacala, ndi mpamba waukulu kuposa chilichonse chimene CDF ingagule, koma yakhala chete nthawi yaitali kuposa imene yamva sitima. Apa ndalama zinapezeka. Chinasowa ndi wofunsa kuti katundu wodzaza mabogi mlungu uliwonse achokera kuti, ndipo chigayo chikafa adzakonza ndani.

Ndinazionera pafupi pa mudzi wina cha kum'mwera kwa Chipata, pamene gulu la amayi linalandira makina ogayira chiponde. Makina anafika pa lole, nthungululu zinamveka, akuluakulu anajambulitsa. Tsiku lolumikiza, wamagetsi anangowerenga kachitsulo kolembedwa pa mota n'kupukusa mutu: mota inali ya three-phase, magetsi amphamvu a m'mafakitale, pamene waya wofika pa sitolo yapafupi ndi wa single-phase, magetsi wamba a m'nyumba. Kukoka magetsi oyenera kunkafuna ndalama zimene gululo silinalote n'komwe. Makinawo anawalowetsa m'kanyumba kosungiramo katundu, anawafunditsa tenti ya buluu, ndipo pamwamba pake anthu anayamba kusanjikapo matumba a gaga. Apampando a gululo, mayi wachikulire wosamala zinthu, anandifotokozera kuti iwo anangouzidwa kubweretsa mitengo ya masitolo atatu, ndipo anatero. Za mawaya palibe anawafunsa. Amayiwa sanabe ndalama, sanachite ulesi. Anachita zonse zimene fomu inafuna.

Ena akuti vuto lenileni ndi magetsi, ndipo amene anadutsa m'chaka cha 2024 sangawaseke. Chilala chitakula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi, madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba anaphwera, ndipo chakumapeto kwa chakacho madera ambiri ankatha maola 20 kapena kuposerapo mumdima. Owotcherera zitsulo, ometa, a zigayo, onse anakhala manja lende. Injiniya sangagwetse mvula, ndikuvomereza. Komabe ndi nthawi yomweyo pamene kusiyana kwa wolinganiza ndi wosalinganiza kunaonekera poyera. Amene ankapeta, kuyeza, kusankha ndi kutsuka mabotolo masana magetsi kulibe, ankati akangobwera pakati pa usiku makina ayamba pomwepo osaima mpaka atazimanso. Anzawo ankayamba kuimbira foni woyendetsa makina magetsi atabwera kale, sefa itang'ambika dzulo osasinthidwa. Komanso funso lakuti tigule mota ya magetsi, injini ya dizilo kapena mapanelo a dzuwa, ndipo a mphamvu yotani, siliyankhidwa ndi wogulitsa makina, chifukwa iye amagulitsa chimene chili m'sitolo mwake. Motero kuvuta kwa magetsi kukuchititsa kuti munthu wowerengera afunike kwambiri kuposa kale.

Za nthaka sindichedwapo. Pali amene akuti malo ambiri kuno ali m'manja mwa mafumu, pansi pa Kalonga Gawa Undi, Inkosi Mpezeni ndi mafumu ena, ndipo ngakhale lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo otere kukhala a lizi ya zaka 99 mfumu ikavomera, njira yake ndi yaitali, choncho munthu alibe pepala lopita nalo ku banki. Pa nkhani ya chikole akunena zoona. Koma kafakitale ka mafuta kamafuna malo ochepa kwambiri. Chimene kamafuna ku nthaka ndi mbewu ya mtundu umodzi, yokwanira, yofika pa nthawi yake. Ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi pompano, akatswiri anatulutsa mitundu ya nshawa monga MGV4 ndi MGV5. Mukasakaniza mitundu ya maso aakulu ndi ang'onoang'ono m'thumba limodzi, makina osendera aphwanya zina n'kusiya zina zosasenda, ndipo pokazinga zina zipserera zina zikadali zaziwisi. Wouza alimi mu Okutobala mtundu woti abzale ndi wolinganiza yemwe uja.

Pa nkhani ya antchito pali magulu awiri otsutsana nane, ndipo amatsutsananso okhaokha. Loyamba likuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, n'chifukwa chake ntchito sizilimba. Amene anaonapo mnyamata akukankha njinga yosenza matumba a makala pa chitunda, kapena amayi akuyala tomato pa Saturday Market kusanache, sanganene zimenezo ndi nkhope yowongoka. Imani pa chigayo chilichonse kwa ola limodzi muone: sikelo ili pakhomo, makina ali kumapeto kwa nyumba, potulukira unga pali potsekereza njira, ndiye mnyamata amayenda uku ndi uku atasenza thumba tsiku lonse. Madzulo watopa zenizeni, koma theka la thukuta lake silinagaye kanthu. Gulu lachiwiri likuopa kuti dongosolo la mainjiniya limachotsa anthu ntchito, pamene chigawo chathu, malinga ndi kalembera wa 2022, chili ndi anthu oposa 2.4 miliyoni, ambiri a iwo achinyamata. Mantha amenewa ndi omveka, koma akuchokera pa kuganiza kuti injiniya amangokopera fakitale ya ku Ulaya. Phunziro la zachuma limanena kuti uzigwiritsa ntchito kwambiri chimene uli nacho chochuluka, n'kumasamala chimene chili chosowa. Ku Ulaya wantchito ndi wodula, choncho amagula makina osankha nshawa ndi kamera. Kuno wowerengera bwino aika matebulo pamalo owala n'kulemba anthu osankha ndi manja. Ndipo makina omwewo akamayenda mashifiti awiri, olembedwa ntchito amachuluka popanda kugula chitsulo china.

Mwina mfundo imene ndimaimva kawirikawiri ndi yakuti zimenezi n'za mafakitale aakulu ndi migodi ya ku Copperbelt, osati za kopaletivu ya ku Chadiza. Koma njira zotchuka za kampani ya Toyota, zimene Taiichi Ohno anazikonza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinabadwa chifukwa kampaniyo inalibe ndalama zotaya, ndipo n'zomwezo zimene bungwe la Kaizen Institute of Zambia, lothandizidwa ndi bungwe la boma la Japan la JICA, limaphunzitsa. Tiyeni titenge nshawa zathu zomwe. Kale nshawa za Chalimbana zinkapita ku Ulaya, ndipo chimodzi mwa zimene zinatseka msikawo ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Mayiko a European Union salola kuti apitirire magawo 4 pa biliyoni mu nshawa zodya anthu. Chuku chimenechi chimalowa kuti? Chimalowa pamene nshawa zachedwa kukumbidwa, pamene zayanikidwa pa dothi mame n'kumazigwera, pamene zaikidwa m'thumba zisanaume, ndipo makamaka pa chizolowezi chimene tonse timachidziwa, chowaza madzi pa makoko madzulo kuti mawa zala zisapweteke posenda. Ena amawazanso madzi kuti thumba lilemere pa sikelo ya wogula. Palibe makina a mamiliyoni amene angachotse poizoniyo akalowa, ndipo kukazinga sikumupha. Mankhwala ake ndi dongosolo lotsika mtengo: kuyanika pa thandala, kuyeza chinyontho musanasunge, kutaya zonyala ndi zakuda m'malo mozisinjira ndiwo za ana, kusanjika matumba pa mitengo osati pa simenti, ndi kulemba thumba lililonse kumene lachokera kuti loipa likapezeka mudziwe kobwerera. FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, imakana chimanga chimene chinyontho chake chaposa 12.5 peresenti pa chifukwa chomwechi, ndipo mu 2024 unduna wa zaumoyo utalengeza kuti aflatoxin wapezeka mu unga wa makampani ena, agalu atafa, tonse tinaona kuti nkhaniyi ili m'mbale mwathu. Bungwe la COMACO, limene limapanga chiponde cha It's Wild! kuno ku Chipata, mphamvu yake sili pa makina okha. Limayambira kumunda, kuphunzitsa alimi ake ndi kugula mwa dongosolo.

Yotsala ndi mfundo imene imandivuta kuiyankha, ya msika. Akuluakulu amakumbukira fakitale ya boma ya Luangwa Industries, imene inkalumikiza njinga za Eagle m'tauni muno. Inali ndi malo, antchito, makina ndi mainjiniya omwe, m'chigawo chimene njinga ndiyo galimoto ya aliyense. Koma chuma chitatsegulidwa pambuyo pa 1991 siinapirire mpikisano wa njinga zochokera kunja. Ndiye otsutsa akuti: mwaona, ngakhale mutalinganiza bwanji, wa ku China kapena India akakutsitsirani mtengo mwatha. Pano ndikuvomereza theka. Pali katundu amene sitingapikisane naye, ndipo njinga, imene zitsulo zake zimayenera kuyenda ulendo wautali kuti zifike kuno, ndi mmodzi wa iwo. Koma kudziwa chimene usapange ndi gawo loyamba la ntchito ya wolinganiza. Mwayi wathu uli pa katundu amene zopangira zake zimamera kuseri kwa nyumba: mafuta, chiponde, chakudya cha ziweto chochokera ku soya ndi gaga, mpunga wopuntha bwino. Mpendadzuwa wopita ku Lusaka umayenda makilomita oposa 550, mafuta ake n'kuyendanso omwewo pobwerera. Mtengo wa ulendo umenewo ndi mpata umene tinapatsidwa ulere. Tikalephera kupikisana ngakhale tili ndi mpata wotere, tisanamizire msika.

Nanga tichite chiyani? Mlimi ali ndi mlangizi wa m'dera lake womuuza za kabzalidwe, woweta ali ndi wa zanyama, koma munthu amene walandira makina a ndalama zambiri amasiyidwa yekha ndi kabuku ka Chingerezi chosamveka. Khonsolo iliyonse m'chigawo chino ilembe injiniya mmodzi wa kapangidwe ka katundu, pamodzi ndi amisiri angapo oyendera magulu. Anthu ake alipo: University of Zambia ndi Copperbelt University zimatulutsa mainjiniya chaka ndi chaka, ndipo masukulu a ntchito zamanja a Chipata Trades ndi Ukwimi Trades amaphunzitsa amisiri, ena a iwo pa ndalama ya CDF yomweyo, amene akamaliza amasowa kolowera. Pempho lililonse la makina lidutse kwa munthu ameneyu lisanafike ku komiti, ndipo liyankhe mafunso osavuta: zopangira zichokera kuti ndipo zikwana miyezi ingati, magetsi a pamalopo ndi otani, sefa ndi malamba zimagulidwa kuti, wogula ndani ndipo pa mtengo wanji. Ndikanakonda kuti pa ndalama zoperekedwa, gawo limodzi mwa magawo asanu lisapite kwa wogulitsa makina, lisungidwire maphunziro a woyendetsa, zitsulo zosinthira ndi mbewu yoyambira. Magulu olandira adzachepa, aphungu ndi makhansala sadzakondwa poti zithunzi zopereka makina zidzachepanso. Koma CDF inafika pa K36.1 miliyoni mu 2025, ndipo malipiro a anthu ochepawa ndi kadontho poyerekeza ndi mtengo wa makina amene akuchita dzimbiri.

Ndikudziwa chimene ena anena: mwangoonjezera siginecha ina yoti anthu azigula. Chiopsezocho chilipo ndithu, ndipo njira yochichepetsera ndi kayezedwe ka ntchito ya injiniyayo. Asayamikiridwe pa kuchuluka kwa mafomu amene wasaina. Ayezedwe pa makina amene akuzungulirabe patatha chaka chiperekedwere, ndipo mndandanda wake uzikhomedwa pa bolodi la khonsolo, wosonyeza gulu, makina, mtengo wake ndi miyezi imene agwira ntchito, kuti wa m'wodi aliyense athe kutsutsa ngati walembedwa bodza. Ntchito yake yoyamba isakhale yogula kanthu. Ayende m'mawodi onse alembe makina a boma amene aima ndi chifukwa chake. Ena apezeka kuti akungofuna bering'i kapena lamba, ena akufuna woyendetsa wophunzitsidwa mlungu umodzi, ndipo ena, monga a three-phase aja, angasinthanitsidwe ndi gulu la pa boma limene lili ndi magetsi oyenera, amayi aja n'kupatsidwa ang'onoang'ono amene waya wawo ungakoke.